Kupimitsa ADHD uli wamkulu: njira yake kuchokera kuno ku Kasungu

Munthu wamkulu amene akudzikayikira kuti ali ndi ADHD, vuto la kusakhazikika kwa maganizo, kutakataka ndi phuma loyambira ku ubwana, amayamba ndi funso loti, "Ndikalembetse kuti dzina kuti andipime?" Kuno kwathu kulibe kaundula woti dzina lanu lilowemo, inu n'kubwerera kunyumba kukadikira foni. Ku Britain anthu amalembedwa pa mndandanda n'kudikira miyezi, ena zaka. Kwathu kuno kudikira kumabwera mwa mtundu wina: mzere wa pa OPD, tsiku la kiliniki ya matenda a maganizo, kalata yokutumizani ku Lilongwe, ndalama ya thiransipoti, ndiponso dokotala mmodzi amene akudikiridwa ndi khamu la anthu odwala kwambiri kuposa inu. Palibe adzakuimbireni. Mukangokhala, nkhani yanu yathera pomwepo.

Zimene ndikulembazi ndi zimene timauzana ife amene tayendapo njirayi, ena podzipimitsa, ena poperekeza abale. ADHD saipeza m'magazi, saiona pa X-ray kapena pa sikani ya mutu. Amaipeza pomvetsera mbiri ya moyo wanu kuchokera ku ubwana, ndipo nthawi imene mudzakhale pamaso pa wodziwa idzakhala yochepa. Belo la fodya pa okushoni ya Chinkhoma limagulidwa m'kanthawi kochepa, koma mtengo wake unapangidwa kale m'chigafa ndi posankha magiredi. Kupimitsa ADHD n'chimodzimodzi. Miyezi yodikirayo ndi yosonkhanitsira umboni, ndipo amene amafika nawo umboniwo sayenda maulendo ambiri.

Choyamba dziwani chimene wopima akufunafuna. Madokotala amatsata mabuku ofotokoza matenda, la DSM-5 la mu 2013 kapena la ICD-11 la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse. Mu DSM-5 muli magulu awiri a zizindikiro, lililonse zizindikiro 9. Gulu loyamba ndi la kusakhazikika kwa maganizo: kulakwitsa tinthu ting'onoting'ono chifukwa chosaonetsetsa, kulephera kukhalitsa pa ntchito imodzi, kuoneka ngati simukumva pamene munthu akulankhula nanu maso ndi maso, kuyamba zinthu osazimaliza, kulephera kulongosola ntchito ndi nthawi, kuzemba ntchito yofuna kuganiza nthawi yaitali, kutaya makiyi, foni ndi mapepala, kusokonezeka ndi kalikonse kodutsa, ndi kuiwala zochita za tsiku ndi tsiku. Gulu lachiwiri ndi la kutakataka ndi phuma: kugwedeza mwendo kapena kuseweretsa zala, kunyamuka pamene ena onse akhala, kumva kusakhazikika m'kati mwa thupi, kulephera kupuma mwachete, kukhala ngati pali china chikukukankhani, kulankhula kwambiri, kuyankha funso lisanathe, kulephera kudikira pa mzere, ndi kudula anzanu mawu. Mwana amafunika zizindikiro 6 m'gulu limodzi. Munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo amafunika 5.

Kuwerenga zizindikiro n'kosavuta, ndipo ambiri amaimira pomwepa. Koma pali zina zimene zimalemera kuposa chiwerengero. Zizindikirozo zikhale zatha miyezi 6 kapena kuposa. Zingapo mwa izo zikhale zinalipo musanakwanitse zaka 12. Zizioneka malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kuntchito, osati pa ntchito imodzi yokha imene simuikonda. Zikhale zikuonongadi china chake, kaya ntchito, maphunziro, ndalama kapena banja. Ndipo pasakhale matenda ena amene akulongosola bwino zonsezi. Mwa akulu 100, amene ali ndi ADHD ndi awiri kapena atatu, ndipo mwa ana ndi pafupifupi 5. Imayenda kwambiri ku mtundu, n'chifukwa chake makolo ambiri amayamba kudzifunsa mwana wawo akapezeka nayo. Chiwerengerochi chikutanthauzanso kuti anthu ambiri oiwala makiyi alibe ADHD. Pitani mutakonzeka kumva yankho lililonse. Cholinga ndi kudziwa chimene chikukuvutani, osati kukatenga dzina la matenda limene mwasankha kale.

Umboni wa ubwana

Apa ndi pamene anthu athu ambiri amagwera, ndipo ndikhalitsapo. Dokotala akafunsa kuti munali mwana wotani, munthu amangoti, "Ndinali wovuta," kapena, "Sindikukumbukira." Mayankho awiriwa sathandiza.

Ngati malipoti a kusukulu alipo, afuneni m'sutikesi ya amayi kapena m'chikwama cha mapepala a abambo. Ambiri a ife tilibe. Amene analowa sukulu pambuyo pa 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, anaphunzira m'makalasi odzaza moti mphunzitsi sakanatha kulemba ndemanga pa mwana aliyense, ndipo kapepala kake kankangoonetsa malikisi ndi nambala. Ngakhale kameneko n'kothandiza. Mwana amene teremu ino ali nambala 4, teremu yotsatira nambala 40, kenako wabwereranso pamwamba, akuonetsa kuti nzeru zilipo koma kukhazikika kulibe. Kukhoza kwambiri phunziro limodzi lokondedwa n'kumagwa ena onse, kubwereza kalasi pamene aphunzitsi ankanena kuti mwanayu ndi wanzeru koma wosasamala, zonsezo zilembeni.

Pamene palibe pepala, mboni ndi munthu amene anakulerani: amayi, abambo, azakhali, amalume, agogo, achemwali kapena achimwene aakulu. Khalani nawo pansi nthawi yoti sakuthamangira kumunda. Musayambe ndi kutchula matenda, chifukwa kholo likamva za kuchipatala cha maganizo limafulumira kuteteza mwana wake n'kunena kuti munali bwinobwino. Ingofunsani kuti, "Amayi, mundikumbutseko, mukandituma kumsika kapena kuchigayo ndinkabwera ndi zimene mwandituma?" Funsani ngati dzina lanu linkasowa pa kapepala ka olongolola kamene monitala ankalemba, ngati munkakhalira chibalo, kangati pa teremu ankakugulirani cholembera ndi kope chifukwa mwataya, ngati mbuzi kapena ng'ombe zinkalowa m'minda ya eni inu muli pomwepo, ngati ndiwo zinkapserera akakusiyirani pamoto, ngati munkatha kukhala chete m'tchalitchi kapena ku madrasa. Funsaninso ngati munkasiyana ndi abale anu pa zimenezi, poti ana onse amasewera, ndipo chimene dokotala akufuna ndi kusiyana ndi anzanu a msinkhu umodzi.

Kwa amayi ndi atsikana, funsani mafunso enanso. Atsikana ambiri a ADHD sankathamanga m'kalasi. Ankakhala phee, maganizo ali kutali, ndipo kunyumba ankatchedwa aulesi kapena osalongosoka. Mwana wotere savutitsa aphunzitsi, ndiye palibe amamuona. Vuto limadzaonekera pamene wakwatiwa, ali ndi ana, ntchito ndi nyumba zonse pamutu pake.

Makolo ambiri sakumbukira za msinkhu, amakumbukira za nyengo. Gwiritsani ntchito zochitika zimene aliyense akuzidziwa. Wobadwa mu 1985 anakwanitsa zaka 12 chaka chimene Kamuzu anamwalira, mu 1997. Wobadwa mu 1990 anazikwanitsa nthawi ya njala ya 2002, imene kuno ku Kasungu palibe wamkulu anaiwala. Mukafunsa kuti, "Izi ndinkachita njala ija isanafike?" mupeza yankho lolondola kuposa kufunsa za zaka. Lembani mawu awo momwe anenera, osawakometsa, ndipo musawauze zoti anene. Lembaninso zowawa zimene zinachitika nthawi imeneyo: umasiye, njala, nkhanza, kusamukasamuka, kukomoka ndi malungo aakulu. Malungo ogwira ubongo amatha kusiya mwana ndi vuto la kukhazikika ndi khalidwe, ndipo mwana wanjala kapena wamantha samvetsera m'kalasi. Wopima ayenera kuzidziwa kuti asiyanitse.

Umboni wa lero ndi wosavuta kupeza. Tengani kope limodzi, ndipo kwa masabata awiri lembani madzulo aliwonse mizere itatu: chinachitika n'chiyani, kuti, ndipo chinakutayitsani chiyani. "Ndimaiwala" si umboni. Umboni ndi wakuti Lachiwiri munaiwala kuthirira nazale mpaka mbande zinafota, kuti mwalipira chindapusa ku banki m'khonde miyezi itatu yotsatizana ndalama muli nazo, kuti masikimu ophunzitsira mumalemba usiku woti mawa akuyendera, kuti mwasiya ntchito zingapo chifukwa cha mawu amene anatuluka musanaganize, kuti mwagwa kangapo pa njinga yamoto chifukwa maso anapita kwina. Pambali lembani maola amene mwagona, mowa umene mwamwa, ndi nthawi imene mwazimitsa foni. Akazi anu kapena amuna anu alembe zawo paokha. Pamapeto fupikitsani zonse pa tsamba limodzi, ubwana pamwamba, za lero m'munsi. Dokotala wa mzere wautali awerenga tsamba limodzi, kope lonse sawerenga. Lijambuleni pa foni, poti munthu amene akupimitsa vuto lotaya mapepala akhoza kutayanso limeneli.

Pa intaneti pali mafunso a ASRS, odzifunsa nokha za zizindikiro za ADHD, amene anakonzedwa mogwirizana ndi WHO. Alipo 18, ndipo 6 oyambirira ndiwo osefera. Mayankho 4 kapena kuposa akagwera m'mabokosi odetsedwa, ndiye kuti m'pofunika kupimidwa mokwanira. Ndi aulere, ndipo ndi bwino kuwayankha n'kupita nawo. Koma si chigamulo. Munthu wa nkhawa, wosagona kapena wokhumudwa amakwezanso malikisi pa mafunso omwewa.

Poyambira

Yambirani pafupi. Ngati muli ku Santhe, Chulu, Wimbe, Chamama kapena Kaluluma, pitani pa chipatala chaching'ono ndi buku lanu la kuchipatala, mupemphe kuti akulembereni kupita ku chipatala cha boma pa Kasungu. Amene ali pafupi ndi zipatala za mishoni za Nkhamenya kapena St Andrew's ku Mtunthama angayambirenso kumeneko. Pa chipatala cha boma funsani anamwino kapena a kiliniko ofisala oona za matenda a maganizo, ndipo funsiranitu tsiku ndi nthawi ya kiliniki yawo musanawononge thiransipoti. Anthu ena amaopa khomo limeneli poganiza kuti oona anena kuti apenga. Khomo lomwelo amalowa a khunyu, a nkhawa, osowa tulo ndi amayi ovutika maganizo atabereka. Lowani.

Mawu oyamba amene munene amatsogolera zonse. Mukati, "Ndimaganiza kwambiri," wachipatala aliyense wa kuno amva matenda okhumudwa, chifukwa ndi mmene odwala matendawo amafotokozera. Akufunsani mafunso a PHQ-9 oyezera kukhumudwa, amene alipo m'Chichewa, ndipo mutha kutuluka ndi mankhwala a kukhumudwa, amitriptyline kapena fluoxetine, nkhani ya ubwana isanatchulidwe n'komwe. Mukati, "Mutu sukuyenda bwino," ayeza malungo. Sakulakwa, akuyankha zimene mwawauza. Nenani motere: "A dokotala, vuto langa silinayambe chaka chino. Kuyambira ku pulayimale ndimalephera kukhazikika pa chinthu chimodzi, ndipo tsopano zikundionongera ntchito ndi banja. Ndalemba zitsanzo papepalali. Ndikupempha mundiunike ngati ili ADHD, ndipo ngati pano sizitheka, mundilembere kalata yopita kumene angathe."

Mwina mudzamva kuti ADHD ndi ya ana. Musakwiye. Buku la mhGAP la WHO, limene amaphunzitsira azaumoyo amene si akatswiri a maganizo, limaika ADHD m'gawo la ana ndi achinyamata, ndipo limati mankhwala ake ayambitsidwe ndi katswiri. Choncho wachipatala wa pa boma akazengereza, akutsata zimene anaphunzira. Inu pemphani mwaulemu zinthu ziwiri: kuti alembe m'buku lanu kuti mwabwera ndi zizindikiro za kusakhazikika zoyambira ku ubwana, ndiponso kalata yokutumizani kwa katswiri.

Ulendo wa pa boma uli ndi ntchito ina yaikulu, yochotsa matenda ofanana ndi ADHD. Mukapita ku Lilongwe musanachite zimenezi, akubwezani kuti mukachite. Yezetsani kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa magazi kumafooketsa ndi kuiwalitsa. Yezetsani shuga, BP ndi kugunda kwa mtima, ndipo kwerani sikelo, manambala onse alembedwe m'buku. Ngati mukuonda, mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera kapena khosi latupa, tchulani chithokomiro. Dziwani mmene mulili pa HIV, poti kachilombo kosalandira mankhwala kamatha kufooketsa kuganiza. Amene ali pa ma ARV anene mtundu wake: efavirenz, amene anali m'mankhwala akale, ankadziwika ndi maloto oopsa ndi chizungulire, ndipo dolutegravir wa m'mankhwala a masiku ano amasowetsa tulo anthu ena. Musasiye kumwa, ingonenani. Phenobarbitone wa khunyu amalemeretsanso mutu. Ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumadzuka wotopa, kapena khutu limodzi silimva bwino, nenani.

Za mowa ndi chamba nenani zoona zokhazokha. Anthu ambiri a ADHD amamwa kapena kusuta pofuna kuziziritsa mutu, ndipo zinthu zomwezo zimaononga kukumbukira. Mukabisa, wopima asokera. Funso losiyanitsa nthawi zonse ndi lakuti chinayamba n'chiyani. Munthu amene anali wolongosoka mpaka zaka 30, kenako n'kuyamba kuiwala maliro atachitika, ngongole itakula kapena msambo utayamba kusintha, vuto lake ndi lenileni koma kawirikawiri si ADHD. Ndipo zimatheka kukhala nazo zonse ziwiri. Dokotala akasankha kuyamba ndi kukhumudwa kapena nkhawa, lolani, imwani mankhwala monga mwauzidwa, koma pemphani tsiku lobwereranso kuti nkhani ya ADHD idzaunikidwe maganizo atakhazikika.

Madokotala akatswiri a matenda a maganizo m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ali m'mizinda. Kwa ife a ku Kasungu, kufupi ndi ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kumene kuli chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ndiponso St John of God ku Area 43. A kumpoto kwa boma lino, cha ku Nkhamenya, angaone kuti St John of God ya ku Mzuzu, kudzera pa Jenda ndi Chikangawa, ndi yotheka. Zomba Mental Hospital ndi Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku lathunthu, wofuna malo ogona. Kulikonse kumene mwasankha, imbani kapena tumani m'bale wa m'tauni akafunse zinthu zinayi: ngati alipo wopima ADHD mwa akulu, tsiku limene amapezeka, malipiro ake, ndi ngati akufuna mubwere ndi woperekeza. Amene ali pa MASM kapena sikimu ina yolipirira kuchipatala afunsiretu ngati imalipira za maganizo.

Njira yolipira imafupikitsa kudikira, koma yang'anitsitsani amene mukumulipira. Dokotala wa matenda a maganizo amapima ndi kulemba mankhwala. Katswiri wa saikoloje wa kuchipatala amapima ndi kupereka uphungu koma salemba mankhwala, choncho lipoti lake mudzapita nalo kwa dokotala. Phungu wamba angakuthandizeni pa zambiri, koma kugamula kuti muli ndi ADHD si ntchito yake. Madokotala ndi a kiliniko ofisala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa ngati munthu analembetsedwa si chipongwe. Amene akukupatsani chigamulo pa mphindi 15, osafunsa za ubwana, kapena amene akuti makina ake aona ADHD m'mutu mwanu, musiyeni. Kupimitsa pa intaneti kwa dokotala wa ku Johannesburg kapena London kumatheka, koma kalata yake ya mankhwala si yoti mungangopita nayo pa famase ya kuno. Mudzafunabe dokotala wa m'dziko muno woti avomereze lipotilo ndi kukutsatirani, ndiye mupezeni ameneyo musanalipire kunja.

Kupima kwenikweni kumatenga ola limodzi kapena awiri, nthawi zina maulendo awiri. Ena amatsata mafunso a DIVA-5, ochokera ku Netherlands, amene amadutsa zizindikiro zonse 18 chimodzichimodzi, kufunsa za lero ndi za ubwana, ndi kupempha chitsanzo pa chilichonse. Apa tsamba lanu lija ligwira ntchito. Pitani ndi amene anakulerani ngati angathe kuyenda, apo ayi konzani kuti foni yawo ikhale ndi moto ndipo ali pamalo ogwira netiweki pa ola limenelo. Gonani mokwanira usiku wake, ndipo musamwe mowa. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi ulemu wathu womwewu: munthu wavala bwino, wakhala mwaulemu, akufunsidwa kuti zikuyenda bwanji, iye n'kuti, "Bwinobwino, a dokotala." Fotokozaninso mphamvu imene mumawononga kuti zinthu zioneke bwino, monga kugona pakati pa usiku pomaliza ntchito ya maola awiri, kapena kudalira akazi anu kuti akukumbutseni chilichonse. Kukokomeza nakonso kumasokoneza. Tchulani ngati m'banja mwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima ali wamng'ono, kapena anadwalapo misala, komanso ngati inuyo munakhalapo masiku angapo osagona koma muli ndi mphamvu zodabwitsa. Amayi anene ngati ali oyembekezera, akuyamwitsa kapena akufuna kutenga pakati.

Za mankhwala

Mankhwala odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi maina a Ritalin ndi Concerta. Ali m'gulu la mankhwala otetezedwa ndi pangano la United Nations la mu 1971, ndipo kuno malonda a mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA. Sapezeka wamba. Musayembekezere kuwalandira pa windo tsiku lomwelo, ndipo musanachoke kwa dokotala funsani famase imene imakhala nawo, mtengo wa mwezi umodzi, ndi mmene muzitengera kalata yatsopano muli ku Kasungu. Kuyamba mankhwala amene mwezi wamawa simuwapeza kapena simuwakwanitsa kumangowonjezera kukhumudwa.

Amtundu wofulumira amayambira pa mamiligalamu 5 kawiri kapena katatu pa tsiku, amayamba kugwira ntchito ola lisanathe ndipo amatha mphamvu pakadutsa maola 3 kapena 4. Amtundu wokhalitsa amamwedwa kamodzi m'mawa, ena amafika maola 12, ndipo saphwanyidwa kapena kutafunidwa. Dokotala amakweza mlingo pang'onopang'ono, kawirikawiri sabata ndi sabata. Zovuta zake zodziwika ndi kusowa chilakolako cha chakudya, kusowa tulo mukamwa mochedwa, mutu, ndi kukwera kwa BP ndi kugunda kwa mtima. N'chifukwa chake manambala aja a pa boma ndi ofunika: BP ndi mtima ziyezedwe mlingo ukasintha, kenako miyezi 6 iliyonse pamodzi ndi sikelo, ndipo zimenezi mungachitire pa chipatala chapafupi. Kupweteka pachifuwa, kukomoka kapena kumva mawu a anthu osaoneka ndi zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Mtundu wina ndi atomoxetine, umene umatenga masabata angapo kuti muone kusintha. Ngati mukumwa fluoxetine nenani, chifukwa amachititsa kuti atomoxetine achuluke m'thupi.

Mapiritsi a mwana wa mnzanu, kapena obwera m'chikwama kuchokera ku Joni popanda kalata, musamwe. Simudziwa chili m'katimo, mtima wanu sunayezedwe, ndipo kwa munthu amene ali ndi matenda osinthasintha maganizo osadziwika, mankhwalawa angadzutse misala. Kumva bwino mutamwa si umboninso woti muli ndi ADHD, chifukwa amachangamutsa pafupifupi aliyense. Amene ali ndi kalata yovomerezeka ndipo akudutsa malire, kaya pa Mchinji popita ku Chipata, anyamule mankhwala m'paketi yake pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Podikira pali zimene mungayambe lero, ndipo zidzafunikabe ngakhale mankhwala atapezeka, poti piritsi silikonza ndondomeko ya tsiku. Gonani ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, foni igone kutali ndi mphasa kapena bedi. Kope likhale limodzi lokha, osati timapepala. Chilichonse chokhala ndi tsiku chilowe mu alamu ya foni nthawi yomweyo mwachimva. Makiyi, chiphaso ndi buku la kuchipatala zikhale ndi malo amodzi pafupi ndi khomo. Ntchito yotopetsa muziigwira mphindi 20, kupuma 5, ndipo imayenda bwino mukakhala pafupi ndi munthu wina amene akugwira yake. Kuyenda mwachangu kapena kupalasa njinga mphindi 30 kumakhazikitsa mutu kwa kanthawi.

Pa ndalama ndiye khalani okhwima, chifukwa phuma limaluma kwambiri pamenepa. Ndalama ya fodya, soya kapena mtedza imabwera kamodzi, ndipo Airtel Money ndi Mpamba zachititsa kuti kuwononga kukhale kwa masekondi. Tsiku limene yalowa, patulani ya fetereza ndi ya fizi ipite kumene simungaitulutse nokha, gwirizanani ndi a kunyumba kuti chogula chachikulu chizigona usiku umodzi musanalipire, ndipo chotsani pa foni zonse zobetchera. Ngati kukhumudwa kwafika poganiza zodzipha, zimenezo sizidikira kalata kapena tsiku la kiliniki. Uzani m'bale, ndipo pitani kuchipatala chilichonse tsiku lomwelo.

Mukapimidwa, musatuluke m'chipindamo ndi mawu apakamwa okha. Pemphani kuti zimene apeza zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndi dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku lobwerera, komanso kalata yaifupi yopita kwa a matenda a maganizo pa chipatala cha boma ku Kasungu yonena zimene iwo angamakuyezeni ndi nthawi yoyenera kukubwezani kwa katswiri. Ngati yankho ndi lakuti si ADHD, funsani kuti ndi chiyani tsono, ndipo chithandizo chake muchipeza kuti. Jambulani masamba onsewo pa foni, mutumizenso kwa m'bale mmodzi wodalirika, ndipo tsiku lobwerera liikeni mu alamu musanakwere minibasi.